Kusunga chinyezi choyenera maluwa a m'nyumba ochokera kunkhalango zamvula

Masamba a duwa la m'mphika akayamba kuuma m'mphepete, chimene chimabwera msanga m'maganizo ndi kuthirira. Munthu amathirira lero, mawa athiriranso, koma nsonga za masamba zimangopitirira kufiira ndi kukhwinyata. Pakapita milungu ingapo masamba a m'munsi amachita chikasu, tsinde limafewa pamene lakhudzana ndi dothi, ndipo ukazula umapeza mizu yakuda, yonunkha. Duwa lotere lafa ndi madzi ochuluka kumizu pamene ludzu lake linali la mumpweya. Madzi a m'dothi ndi chinyezi cha mumpweya n'zosiyana, ndipo zonse zili m'munsimu zatsamira pa kusiyanitsa ziwirizi.

Maluwa ambiri amene timakonda chifukwa cha masamba ake kwawo ndi pansi pa mitengo ikuluikulu ya nkhalango zamvula. Calathea ndi maranta ndi a ku South America, fittonia imamera kwambiri ku Peru, monstera imachokera kum'mwera kwa Mexico ndi ku Central America, pamene alocasia ndi orchid ya mtundu wa phalaenopsis ndi a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Kumeneko chinyezi cha mumpweya chimakhala pa 70 mpaka 90 peresenti nthawi zambiri, mphepo siiomba mwamphamvu, ndipo dzuwa limafika pansi litasefedwa ndi nthambi. M'chipinda momwe mukuyaka hita kapena makina oziziritsa mpweya, chinyezicho chimatha kutsika kufika pa 30 peresenti, nthawi zina kuchepera apo.

Kunsi kwa tsamba lililonse kuli timabowo tosaoneka ndi maso tomwe chomera chimapumira. Timabowoti tikatseguka, madzi amatulukira momwemo ngati nthunzi. Mpweya ukauma kwambiri madzi amatuluka mofulumira kuposa mmene mizu ingawakwezere, ndiye mbali zomwe zili kutali ndi mtsempha waukulu wa tsamba, nsonga ndi m'mphepete, zimayamba kufa. Kuwonjezera madzi m'dothi sikufulumizitsa mizu. Kumangothamangitsa mpweya womwe mizuyo imafunika kuti ipume.

Choyamba, yezani

Musagule chilichonse kapena kusuntha mphika musanadziwe kuti chinyezi chili pati. Khungu lathu silitha kusiyanitsa bwino 35 ndi 50 peresenti, koma calathea imasiyanitsa. Kachipangizo koyezera kamatchedwa hygrometer, ndipo ka digito kamaonetsa chinyezi ndi kutentha nthawi imodzi. Kaikeni pafupi ndi masamba, pa msinkhu wa duwalo, osati pakhoma la kutsidya kwa chipinda. Kasawombedwe ndi dzuwa, kasakhudze dothi lonyowa. Lembani zomwe kakuonetsa m'mawa, masana ndi usiku kwa mlungu wathunthu, chifukwa nambala ya tsiku limodzi imanamiza.

Nambala imeneyi ikufunika kuimvetsa. Siinena kuchuluka kwa madzi mumpweya mwachindunji. Imanena kuti mpweyawo wadzaza bwanji poyerekeza ndi madzi onse omwe ungathe kunyamula pa kutentha kumeneko, ndipo mpweya wofunda umanyamula ambiri. Mpweya wokwana kiyubiki mita imodzi umanyamula magalamu pafupifupi 9 a madzi pa madigiri 10, magalamu 17 pa madigiri 20, ndi magalamu 30 pa madigiri 30. N'chifukwa chake mpweya wozizira wa kunja womwe uli pa 80 peresenti pa madigiri 10, ukalowa m'nyumba n'kutenthetsedwa kufika madigiri 22, umatsikira kufupi ndi 40 peresenti popanda dontho limodzi la madzi kuchokamo. N'chifukwa chakenso mudzaona nambala ikukwera usiku kukazizira n'kutsika masana. Makina oziziritsa amaumitsa mwa njira ina: amachotsa madzi enieniwo mumpweya, omwe aja amadontha papaipi kunja.

Tizipangizo totsika mtengo timaphonya, tina ndi 5 peresenti, tina kuposa. Kukayesa n'kosavuta. Thirani mchere wamba m'kachivundikiro ka botolo, dontheziranimo madzi pang'ono kuti unyowe ngati mchenga wa m'mbali mwa mtsinje koma usasungunuke. Ikani kachivundikiroko pamodzi ndi hygrometer m'chigubu chotseka bwino, musiye usiku wonse. Mchere wonyowa chotere umasunga mpweya wotsekeredwa pa 75 peresenti. Kachipangizo kanu kakaonetsa 70, ndiye kuti nthawi zonse muziwonjezera 5 pa zomwe kakunena.

Kenako dziwani duwa lomwe muli nalo

Si duwa lililonse lochokera kotentha lomwe limavuta. Pothos, philodendron ya masamba a mtima, monstera ndi sansevieria zimakula bwinobwino pa 40 peresenti, ndipo kuzigulira makina n'kutaya ndalama. Calathea, maranta, anthurium, alocasia, Boston fern ndi phalaenopsis zimaoneka bwino chinyezi chikakhala pa 50 mpaka 60. Pali zina zochepa, monga maidenhair fern ndi fittonia, zomwe zimafuna kupitirira apo ndipo malo ake enieni ndi m'chotengera chagalasi chotseka. Ngati dzina la duwa lanu simulidziwa, gwirani tsamba. Lokhuthala, lolimba, lonyezimira ngati lapakidwa phula limasunga madzi. Lopyapyala, lofewa, loonetsa kuwala mukaliloza kuzenera, limauma msanga. Cactus ndi zomera zina zonenepa masamba musaziphatikize m'nkhani imeneyi, chifukwa chinyezi chambiri chimaziwoletsa.

Zizindikiro za mpweya wouma ndi izi: nsonga zofiirira zothetheka mukazigwira, masamba opindikira m'kati masana, tsamba latsopano lomwe lakanirira osafunyuluka kapena lotuluka long'ambika, ndi mphukira za maluwa a orchid zogwa zisanatseguke. Koma nsonga zopsa zili ndi zoyambitsa zinanso, ndipo ndi bwino kuzichotsa kaye m'njira. Yang'anani pamwamba pa dothi ndi m'milomo mwa mphika. Mukaona zoyera zouma zitamatirira, ndi mchere wa feteleza kapena wa m'madzi, ndipo umatentha nsonga za masamba mofanana ndi mpweya wouma. Ikani mphikawo posambira, thirani madzi ambiri mpaka atuluke kunsi kwa kanthawi, kenako muchepetse feteleza. Calathea, dracaena ndi spider plant zimapsanso ndi fluoride, mankhwala opezeka m'madzi ena a pampopi. Kugoneka madzi usiku kumachotsa chlorine koma fluoride amatsalamo, choncho kwa maluwa amenewa madzi amvula ndi abwino koposa. Zigamba zotuwa pakati pa tsamba, mbali yoloza zenera, ndi dzuwa limenelo.

Tembenuzaninso masamba. Akangaude ofiira, tizilombo tating'ono kwambiri toyamwa masamba, amaswana mofulumira mumpweya wouma ndi wotentha. Gwedezerani tsamba papepala loyera. Timadontho toyenda tikaonekapo, kapena mukaona ulusi wopyapyala pamene tsamba lalumikizana ndi tsinde, patulani duwalo kwa anzake, mulitsuke masamba onse kunsi ndi pamwamba ndi madzi ofunda pang'ono, ndipo mubwereze pakapita masiku angapo mpaka atheretu.

Sunthani mphika musanagule makina

Nyumba imodzi imakhala ndi malo ouma ndi onyowa. Yendani ndi hygrometer chipinda ndi chipinda, muziisiya theka la ola pamalo alionse. Malo oipitsitsa ndi pamene pamaomba mpweya wa makina oziziritsa, pamwamba kapena pafupi ndi hita, pafupi ndi chitseko chotsegulidwatsegulidwa, ndi pashelefu yam'mwamba komwe mpweya wotentha umasonkhana. Kungochotsa duwa pamalo oterewa nthawi zambiri kumathetsa theka la vuto. Bafa yokhala ndi zenera lolowetsa kuwala ndi malo abwino a fern ndi orchid, koma bafa yamdima ayi: chomera chimapirira mpweya wouma nthawi yaitali kuposa mmene chingapiririre mdima. Kutentha kukhale pakati pa madigiri 18 ndi 27, ndipo masamba asakhudze galasi la zenera lozizira usiku.

Mukapeza malo, sonkhanitsani maluwa pamodzi. Chomera chilichonse chimatulutsa nthunzi, ndipo zikayandikana nthunziyo imakhalitsa pakati pawo. Zovuta kwambiri ziikeni pakati, zolimba zikhale m'mbali. Musiye mpata woti dzanja lilowe pakati pa miphika, masamba asapanikizane, chifukwa tizilombo timadutsa mosavuta kuchoka pa duwa lina kupita pa linzake.

Za kupopera ndi za timiyala

Malangizo ofala kwambiri ndi akuti muzipopera masamba madzi ndi kabotolo. Ine sindilimbikitsa zimenezi ngati njira yokwezera chinyezi. Poperani mutaika hygrometer pambali, mudzaona nokha: nambala imadumpha, pakatha mphindi zochepa yabwerera pomwe inali. Tsiku lili ndi maola 24, ndipo mphindi khumi za chinyezi sizisintha kanthu. Chomwe chimatsala ndi madzi okhala patsamba, ndipo amenewa ndi amene matenda a mawanga amafuna. Maluwa a masamba aubweya, monga African violet ndi begonia ya mtundu wa rex, asapoperedwe n'komwe. Pa orchid, madzi okhala pakati pomwe masamba amakumana amawoletsa mtima wa chomeracho, ndipo akalowapo muwamwetse ndi kapepala kofewa. Kupopera kuli ndi ntchito yake: kuchotsa fumbi, kunyowetsa mizu ya m'mwamba ya orchid, ndi kufewetsa tsamba latsopano lokanirira. Mukatero chitani m'mawa kuti pofika madzulo masamba akhale atauma.

Njira ina yotchuka ndi mbale yafulati yodzaza timiyala, yothiramo madzi, mphika n'kukhala pamwamba. Imathandiza pang'ono chabe, makamaka kwa maluwa aafupi omwe masamba ake ali pafupi ndi madziwo. Kwa monstera yotalika mita siichita kanthu. Mukafuna kuigwiritsa ntchito, mbaleyo ikhale yotambalala kuposa duwalo, ndipo madzi asafike kunsi kwa mphika, apo ayi dothi liziyamwa madzi usana ndi usiku mpaka mizu iwole. Muzitaya madziwo n'kutsuka timiyala mlungu uliwonse, chifukwa madzi okhalitsa amaswetsa udzudzu.

Makina otulutsa chinyezi

Ngati mwasuntha, mwasonkhanitsa, koma nambala ikadali pansi pa 40 masiku ambiri ndipo maluwa anu ndi a gulu lovuta lija, chomwe chimagwiradi ntchito ndi makina otchedwa humidifier. Alipo a mitundu itatu. Ena amagwedeza madzi mofulumira kwambiri mpaka asanduke utsi wozizira. Amenewa sasokosa ndipo sadya magetsi ambiri, koma chilichonse chomwe chili m'madzi amachiponyera mumpweya, ndiye madzi akakhala a mchere wambiri mumaona fumbi loyera pamasamba ndi pamipando. Amafuna madzi osefedwa bwino kapena otchezedwa. Ena ali ndi kafani kokankha mpweya kudzera m'sefa yonyowa. Awa satulutsa fumbi loyera, koma sefayo imafuna kusinthidwa. Achitatu amawiritsa madzi, ndipo m'nyumba momwe muli ana aang'ono ndi bwino kuwapewa chifukwa amatha kuwotcha.

Ikani makinawo pamalo okwera, pafupifupi mita imodzi kuchokera pa maluwa, utsi wake usamagwere pamasamba, pakhoma kapena pasoketi ya magetsi. Hygrometer ikhale pakati pa maluwa, osati pakamwa pa makina. Tsekani chitseko cha chipindacho, chifukwa kachipangizo kakang'ono sikangathe kunyowetsa nyumba yonse. Ngati makina anu ali ndi poikira mlingo woti azizima okha, ikani pa 55. Ngati alibe, muziwayatsa m'mawa ndi masana pamene mpweya umauma kwambiri, n'kuwazimitsa madzulo, popeza usiku chinyezi chimakwera chokha. Duwa limakonda 50 yokhazikika kuposa 75 ya m'mawa yotsatiridwa ndi 30 yamasana.

Ukhondo wa makinawa musauchepetse, chifukwa zomwe akutulutsa mukupuma ndinu. Madzi otsala muziwataya tsiku lililonse n'kuthiramo atsopano, ndipo masiku atatu alionse muzitsuka thanki. Viniga woyera amasungunula zoyera zomatirira m'kati, koma mutsukuluze bwino musanayatsenso. Feteleza, mafuta onunkhira kapena mankhwala a tizilombo asalowemo.

Malire ndi 60 peresenti

Apa pali pofunika kusamala. Nyumba si nkhalango, ndipo chinyezi chikakhalitsa pamwamba pa 60 peresenti nkhungu imamera m'makoma, kuseri kwa makabati, m'zovala ndi m'mabuku. Tizilombo ta m'fumbi timachulukanso m'matiresi, zomwe zimavutitsa kwambiri odwala mphumu. Mukaona mazenera akuchita thukuta m'mawa uliwonse, kapena timadontho takuda m'makona a siling'i, kapena mukamva fungo la chinyontho polowa, chepetsani nthawi yomweyo ndipo mutsegule mazenera. Palibe duwa lofunika kuposa chifuwa cha mwana wogona m'chipindamo.

Ndiye kwa maluwa ofuna 70 kapena 80, nyowetsani malo aang'ono m'malo monyowetsa chipinda. Nzeru imeneyi ndi yakale. Mu 1829 dokotala wina wa ku London, Nathaniel Ward, anaona fern itamera m'botolo lotseka n'kumakula popanda kuthiriridwa, chifukwa nthunzi yotuluka m'dothi ndi m'masamba inkachita mame pagalasi n'kubwerera pansi. Mu 1833 anatumiza mabokosi agalasi okhala ndi zomera pa sitima yapamadzi kupita ku Sydney, ulendo wa miyezi ingapo, ndipo zinafika zamoyo. Inunso mutha kugwiritsa ntchito botolo lalikulu lotambalala kukamwa, thanki yakale ya nsomba yokhala ndi chivundikiro, kapena kabati yagalasi. Kwa kamtengo kodula kumene kapena duwa lofooka, thumba la pulasitiki loonekera m'kati limakwanira, bola muliimike ndi timitengo kuti lisakhudze masamba.

Chotengera chotere chisaikidwe padzuwa lachindunji ngakhale kwa ola limodzi, chifukwa m'kati mumatentha mpaka chomera kupsa. Galasi lenilenilo limakuuzani mmene zinthu zilili. Kachifunga kopyapyala m'mawa komwe kamatha masana ndi chizindikiro chabwino. Madontho akuluakulu oyenderera tsiku lonse akutanthauza kuti madzi achuluka, ndiye tsegulani chivundikiro kwa maola angapo. M'galasi dothi limachedwa kwambiri kuuma, choncho kuthirira kumakhala kwa apo ndi apo, pang'onopang'ono.

Chinyezi chikachuluka chokha

Kumalo ena, kapena nyengo yamvula, hygrometer imaonetsa 75 kapena 85 popanda inu kuchitapo kanthu. Pamenepa ntchito imatembenuka. Chinyezi chambiri pachokha sichipha maluwa amenewa. Chomwe chimapha ndi chinyezi chokhala mumpweya wosayenda. Mudzaona nkhungu yotuwa pa maluwa ofota ndi masamba ogwa, mawanga akuda ozunguliridwa ndi chikasu, zoyera ngati thonje pamwamba pa dothi, ndi tintchentche takuda touluka mukagwedeza mphika, tomwe mphutsi zake zimakhala m'dothi losauma.

Talikitsani miphika. Yatsani fani pa liwiro lochepa, iloze kukhoma kapena pamwamba pa maluwa, kuti masamba azingogwedezeka pang'ono osati kukupizidwa. Chotsani tsamba lililonse lakufa kapena lamawanga ndi sizasi yopukutidwa ndi spiriti, mulitaye kunja. Siyani kupopera, chotsani mbale za timiyala. Miphika yadothi yosapaka utoto imatulutsa madzi m'mbali mwake ndipo imathandiza kwambiri nyengo yotere kuposa yapulasitiki. Madontho a madzi olendewera kunsonga za masamba a monstera kapena alocasia m'mawa asakuopseni, si matenda. Chomera chikungotulutsa madzi owonjezera omwe mizu yakweza usiku, ngakhale zikachitika tsiku ndi tsiku muonenso ngati dothi silinanyowe mopitirira.

Kuthirira kutsate chinyezi

Chinyezi chikasintha, kamwedwe ka chomera kamasinthanso. Pa 60 peresenti masamba amataya madzi ochepa kusiyana ndi pa 30, ndiye dothi limachedwa kuuma. Munthu amene wagula humidifier n'kupitiriza kuthirira masiku omwe ankathirira kale amawoletsa mizu. Iwalani kalendala. Pisani chala m'dothi mpaka masentimita awiri kapena atatu. Mukamva chinyontho dikirani. Likakhala louma thirirani mokwanira mpaka madzi atuluke m'mabowo a kunsi, ndipo omwe atsala m'mbale muwataye pakatha mphindi zochepa. Kunyamula mphika kumathandizanso, chifukwa dzanja limazolowera msanga kulemera kwa dothi lonyowa ndi kupepuka kwa louma. Fern ndi calathea sizifuna kuti dothi liumiretu, koma sizifunanso matope. Dothi losakaniza ndi makungwa a mtengo kapena perlite (timiyala toyera topepuka) limasunga chinyontho likulowetsabe mpweya.

Duwa logulidwa kumene nthawi zambiri limakhala litakulira m'nyumba yagalasi momwe chinyezi ndi chambiri. Likafika kwanu n'kutaya masamba awiri kapena atatu m'milungu yoyamba, musafulumire kulisintha mphika kapena kulithira feteleza. Lisiyeni pamalo amodzi lizolowere. Chimodzimodzi duwa lomwe mukulitulutsa m'galasi kapena m'thumba: tsegulani pang'ono tsiku loyamba, muzikulitsa mpatawo kwa mlungu umodzi kapena iwiri. Mukalitulutsa kamodzin'kamodzi limatha kufota tsiku lomwelo.

Mbali ya tsamba yomwe yauma siibwereranso kubiriwira, ngakhale mutakonza zonse. Mutha kuidula motsatira maonekedwe a tsambalo, n'kusiya kamzere kopyapyala ka pouma kuti musatsegule bala latsopano pamalo amoyo. Tsamba lomwe lauma kupitirira theka lichotseni lonse patsinde. Kuti mudziwe ngati zomwe mwachita zikuthandiza, yang'anani masamba atsopano: akamafunyuluka okha, athunthu, opanda kupsa m'mphepete, pitirizani momwemo. Zimatenga mwezi umodzi kapena iwiri kuti muone zimenezi, choncho musasinthe zinthu zambiri nthawi imodzi. Hygrometer isiyeni pakati pa maluwa chaka chonse, ndipo nyengo ikasintha, kapena mukayamba kuyatsa hita kapena makina oziziritsa, lembaninso manambala a mlungu wathunthu musanasankhe chochita.